Za Olumikiza Mafupa ndi Mayeso Awo

M'nyengo ya mango yapitayi mwana wa mnansi wanga anagwa mumtengo nathyoka mkono. Ndipo mwa anthu onse amene anathamangirako, akulu ndi ang'ono omwe, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula khomo la munthu woti n'kumutengerako mwanayo, koma onse anali kufunsana za njinga yamoto, za mtengo wa petulo, ndi za nthawi imene amatsekera chipinda chojambulira mafupa ku tauni. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti m'midzi yathu ino ya kumunsi kwa Likangala, kumene mtsinje utopa nulowa m'njedza za Chilwa, olumikiza mafupa aja anatha mwakachetechete osasiya wolowa m'malo, ndi kuti ife amene tinawaona ndi maso tatsala owerengeka.

Wolumikiza mafupa wa kwathu, pamene ine ndinali mnyamata wobusa mbuzi, anali nkhalamba ya Chilomwe imene makolo ake anaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo tonse tinkaitcha atsibweni, angakhale panalibe chibale. Sanali a ula kapena a mizimu. Ntchito yawo inali mafupa okhaokha. Munthu akabwera naye pa machila, iwo sanali kufulumira konse. Anali kuyamba asamba m'manja, nakhala pansi pambali pa wodwalayo, namufunsa za mvula, za matemba ndi za moyo wa amayi ake, zala zawo zili kuyenda pang'onopang'ono pa mwendo wotupawo, kufikira munthuyo ataiwala mantha nayamba kuyankha. Pamenepo anali kukodola amuna awiri amphamvu kuti agwire, iwo nakoka, ndipo kukuwa kumodzi kokha kunali kumveka mpaka kudambo. Atatero anali kuthowa ndi madzi otentha ndi masamba amene dzina lake sanauze munthu, nayala timitengo tansungwi tosemasema kuzungulira mwendowo, namanga ndi luzi; ndipo pakapita masiku anali kudzamasula ndi kumanganso, potsata kuphwa kwa chotupa. Malipiro awo anali nkhuku imodzi, ndi lamulo lakuti wodwalayo adze nayo yekha, akuyenda ndi miyendo yake.

Chiphaso analibe, ndipo dzina lawo sanali kudziwa kulilemba. Koma ndani anganene kuti sanayesedwe? Anayesedwa pamaso pa mudzi wonse masiku onse a moyo wawo, pakuti munthu amene anamulumikiza mokhota anali kudutsa pakhomo pawo akutsimphina, popita kumunda, kumsika ndi kumaliro, chaka ndi chaka, ndipo panalibe kwina kosamukira kuti cholakwacho chiiwalike.

Nyanja ya Chilwa itauma mu 1968, anthu nayenda pansi kunka ku chilumba cha Chisi, ambiri anayesa kuti dziko lathu latha. Koma madzi anabwerera, boma linatsegula sikimu ya mpunga mothandizidwa ndi Matchaina a ku Taiwan, ndipo zaka zimene zinatsatira ndizo zimene mtima wanga ukana kuzisiya. Kunadza anthu a mitundumitundu kudzalandira minda, kunadza mawailesi ndi njinga zatsopano, matemba anachulukanso pa doko la Kachulu, ndipo pa chipatala chathu chaching'ono panadza bambo wina wa kabudula wa khaki, sokosi zofika m'maondo ndi khoti loyera mbee, amene boma linali kumutcha medical assistant, ife n'kumangoti adokotala. Anali ataphunzira pa chipatala cha mishoni, monga anali kuchitira ambiri masiku amenewo ku Malamulo ndi kwina, nalemba mayeso ake, nalandira pepala lake, natumizidwa kwa ife. Ndipo atafika anakhala. Analima mpunga m'sikimu momwemo, ana ake tinaphunzira nawo ndi kukwapulidwa nawo limodzi, anakhala mkulu wa mpingo, ndipo pa maliro anali kugwira khasu ngati mwini mudzi. Ndikumbukira majakisoni agalasi akuwira m'kapoto pa pulaimasi, fungo la mankhwala ofiirira a pa zilonda, ndi mzere wa anyamata a likodzo amene iwo anali kuwadzudzula mmodzimmodzi, potchula dzina la ngalande imene yense anasambamo. Kolera itafika m'dziko muno mu 1973, asodzi a m'zimbowera nayamba kubwera nawo ali lefu m'mabwato, ndiwo anapachika mabotolo a diripi pa nthambi za mtengo wa pabwalo, nayenda pakati pa mphasa ndi nyali ya galasi usiku wonse. Ndipo alipo anthu lero, a imvi ngati ine, amene ali moyo chifukwa cha usiku umenewo.

Chimene ndikumbukira koposa ndi ulemu umene unali pakati pa anthu awiriwa. Fupa likatulukira kunja, kapena bala likayamba kununkha, atsibweni sanali kulikhudza, koma anali kunena kuti: "Ana anga, izi n'za adokotala, nyamulani msanga." Ndipo adokotala, podziwa kutalika kwa msewu wa ku Zomba ndi kusowa kwa galimoto nthawi ya dzinja, akaona mkono wa mwana womangidwa bwino ndi nsungwi, anali kuugwiragwira, nayang'ana zala ngati zili zofunda, nati: "Agogo aja agwira ntchito, musamasule." Palibe lamulo limene linawalamula kutero. Anangodziwa onse awiri kuti mutu umodzi susenza denga.

M'masiku amenewo dokotala wa digiri amene tinali kumudziwa ndi dzina anali mmodzi yekha, ndiye amene nkhope yake inali pa ndalama ndi pa nsalu za amayi. Aphunzitsi athu sanali kutopa kutiuza kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry, m'dziko la America, mu 1937, kumene Dr. Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu anatsirizanso mu 1917. Ndi kuti, popeza Angerezi sanali kuvomereza pepala la ku America m'maiko a ulamuliro wawo, anaolokera ku Edinburgh nakhalanso pa benchi la ophunzira, kufikira atakhoza mayeso a kumeneko mu 1941. Iwo anali kuisimba ngati nkhani ya ulemerero, ndipo inalidi yotero. Koma inalinso nkhani ya munthu mmodzi, wa mutu umodzi ndi manja omwewo, amene anayesedwa kawiri chifukwa alonda a pa chipata chachiwiri sanakhulupirire alonda a pa chipata choyamba.

Mwambo umenewo sunafe, ndipo chodabwitsa n'chakuti ku America komweko wagwera zidzukulu za wolumikiza mafupa. Kunali kumeneko munthu wotchedwa Andrew Taylor Still, amene anakhulupirira kuti matenda ambiri achokera m'kusakhala bwino kwa mafupa ndi minyewa, nachiza anthu powongola ndi manja, natsegula sukulu yake ku Kirksville, m'chigawo cha Missouri, mu 1892. Ophunzira a m'sukulu zotsata iye lero aphunzira zonse zimene madokotala ena aphunzira, za mankhwala ndi za opaleshoni zomwe, kuwonjezapo luso lija la manja. Digiri yawo itchedwa DO, pamene ya anzawo itchedwa MD, ndipo lamulo liwayesa onse madokotala. Kuti alandire chiphaso ayenera kukhoza mayeso awoawo, otchedwa COMLEX. Koma pofunsira malo m'zipatala zophunzitsa ukatswiri, amene chiyambire 2020 ali pansi pa bungwe limodzi kwa onse, ambiri a iwo alembanso mayeso a anzawo aja, otchedwa USMLE, nalipira kawiri ndi kuchezera kawiri, pakuti akuluakulu osankha anazolowera kuwerenga pepala limenelo. Ndikamva zimenezi ndimaganiza kuti atsibweni akadaseka mpaka kugwetsa fodya.

Kwathu kuno makwerero anamangidwa ife tikuona. Mu 1976 boma linayamba kuphunzitsa ma clinical officer ku Lilongwe, anthu a zaka zitatu za sukulu ndi chaka chimodzi choyang'aniridwa, amene kufikira lero ndiwo asenza zipatala za m'maboma. Mu 1985 Dr. Edward Blair anayamba kutenga ma medical assistant ndi kuwaphunzitsa za mafupa miyezi 18, ndipo ambiri a Amalawi amene anavalapo chikhakha anavekedwa ndi ophunzira a sukulu imeneyo, amene ine ndiwayesa olowa m'malo enieni a atsibweni. Lamulo la mu 1987 linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, losunga kaundula wa onse ololedwa kugwira odwala. Ndipo mu 1991, mwa khama la anthu onga Professor John Chiphangwi, sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuti mwana wa mlimi wa mpunga asafunenso kuoloka nyanja zamchere kuti akhale dokotala. Sukuluyo tsopano ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences, chiyambire 2021.

Mdzukulu wa mlongo wanga anakwera makwerero amenewa, ndipo ine ndinawawerenga pamodzi naye. Anakhoza mayeso a Fomu 4 ndi mapointi amene sanamvekepo m'banja mwathu. Anachita chaka chokonzekera, ndi zaka zisanu za udokotala, chaka chilichonse ndi mayeso ake. Ndipo tsiku limene anabwera ndi digiri amayi analulutira mpaka mawu kusasa. Koma tinauzidwa kuti sanathe, pakuti panatsala miyezi 18 yogwira ntchito pansi pa akuluakulu m'chipatala chachikulu asanalembedwe m'kaundula. Ndipo atalembedwa, chiphasocho chifuna kuwonjezeredwa chaka ndi chaka ndi umboni wakuti akuphunzirabe. Tsopano ali pa mabuku kachiwiri, kufuna malo a zaka zina zinayi za ukatswiri, amene ali ochepa ndi olimbirana, ndipo m'chikwama mwake ndinaonamonso mabuku a mayeso a ku Britain. Nditamufunsa kuti, "Kodi iwe mwana, udzatha liti kuyesedwa?" anaseka nati, "Agogo, inu mukufuna ndikugwireni pamimba ndi mpeni ndisanayesedwe?"

Sindinamuyankhe, pakuti ananena zoona, ndipo ine sindifuna kuti anditche nkhalamba yoiwala kuti tsabola wakale sawawa. Ndikumbukira bwino amuna aja a njinga ndi chikwama, amene anali kuyendayenda m'misika kubaya anthu jakisoni mmodzi yemweyo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, nasiya zithupsa ndi maliro m'mbuyo mwawo. Amenewo kaundula ndiye mankhwala awo. Ndikumbukiranso mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje amene wolumikiza wina, wosafanana ndi wathu, anam'manga kolimba kufikira mkono unada nudulidwa. Ntchafu yothyoka imene kale inali kugoneka munthu miyezi pa mphasa, lero aiika chitsulo m'kati, mwini wake nayenda. Zonsezi ndizivomera, komabe ndikaika pa muyeso adokotala athu a kabudula wa khaki, amene anayesedwa kamodzi nakhala nafe kufikira imvi, sindipeza kuti analemera mochepa.

Chondidandaulitsa n'chakuti mayeso a masiku ano afanana ndi mono umene asodzi atchera m'njedza: nsomba ilowa mosavuta kunka kutsogolo, koma njira yobwerera palibe. Wokhoza mayeso oyamba achoka m'mudzi kunka ku boma. Wokhoza achiwiri achoka ku boma kunka ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Wokhoza achitatu timumva ali ku Gaborone, ku Johannesburg kapena ku Manchester, natumiza ndalama pa foni. Achinyamata amene atumizidwa kuno kunyanja ndi aulemu ndi odziwa ntchito, koma afika mtima uli pa fomu yofunsira sukulu ina, ndipo tisanaphunzire dzina la atate awo timva kuti anapita. Sindiwatsutsa, pakuti akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo palibe kholo limene lingauze mwana wake kuti aleke kukwera. Koma iye amene wakhala zaka pakati pa udzudzu ndi kolera wa ku Chilwa, kutali ndi mabuku, magetsi ndi aphunzitsi, ndiye amene atsalira pa tsiku la mayeso, napambanidwa ndi mnzake amene sanachokepo m'tauni.

Chifukwa chake ndipempha inu akuluakulu a ku Medical Council, a ku Unduna wa Zaumoyo ndi a ku sukulu ya madokotala, amene mukhala pansi kusankha oti aphunzire ukatswiri: mayeso anuwo asungeni, ndipo musawafewetse, koma pamene muwerenga mapepala a ofunsira malo, werenganinso zaka zimene munthu anatumikira ku Likangala, ku Chisi ndi m'malo ena otere, nimuzipatse mapointi ake olembedwa, kuti wachinyamata wotumizidwa kuno adziwe kuti kukhala nafe sikum'bweza m'mbuyo.