Kuseri kwa Tiyi wa ku Thyolo

Munthu akakwera minibasi pa Limbe kulowera ku Thyolo, ola silikwana asanaone tiyi. Akangodutsa pa Bvumbwe, pomwe amayi amayala kabichi, tomato ndi mbatata mpaka m'mbali mwa phula, minda yobiriwira imayamba, yosalala ngati yochita kumeta, kukwera zitunda n'kutsika mpaka kukalowa m'chifunga. Alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule. Ife obadwira kuno timangodutsa, maso ali pa katundu wathu.

Ndife kagulu ka anthu asanu odzipereka pa ntchito za umoyo. Timathandiza alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana, ndipo timaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Phunziro lomwe timalikonda kwambiri ndi la dimba la pakhomo. Koma m'midzi yambiri amayi amatifunsa funso limodzi: dimbalo tilime pati? Safunsa mwachipongwe ayi. Kuseri kwa nyumba kuli nyumba ya mng'ono wawo, kumaso kuli ya mwana wawo wamkazi, ndipo kutsidya kwa kanjira ndi malire a esiteti. Funso limeneli ndi lomwe linatinyamula m'mwezi wa Julaye, chiperoni chili chochita kulowa m'mafupa, kuti tiyende boma lathu kuchokera pa Bvumbwe mpaka ku Thekerani, tikufunsa akuluakulu ndi kuyerekeza zomwe akunena ndi zolembedwa m'mabuku.

Pa Mwala wa Mthunzi sitinakhalitse. Nkhani yake aliyense wa kuno amaidziwa: apaulendo akale ankauzungulira akuugogoda ndi kamwala, ndipo amati okonza msewu atausuntha unabwerera wokha. Ife sitigogoda miyala, koma mwalawo unatikumbutsa kuti njira imeneyi inali ya anthu kalekale phula lisanabwere. Amang'anja anali kuno, akulima ndi kusula makasu. Angoni a Inkosi Bvumbwe anadzakhazikika pambuyo pake.

Nkhani ya malo imayamba mu 1891, pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi. Azungu angapo anali atapeza kale malo aakulu kwa mafumu powapatsa nsalu, mikanda, mfuti ndi tinthu tina. Mkulu woyamba wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anawapatsa zikalata zotsimikiza kuti malowo ndi awo. Kwa mfumu, kupatsa mlendo malo kunali kumubwereka poti alime, chifukwa nthaka sinali chinthu chogulitsa. Kwa mwini chikalata, kunali kugula kotheratu. Mmodzi mwa omwe anatenga malo ambiri anali Eugene Sharrer, ndipo malo ake anadzakhala a kampani ya British Central Africa, yomwe inali ndi gawo lalikulu la boma lino. Masiku amenewo Azungu ankalemba dzina la kwathu kuti Cholo.

Tiyi sanali mbewu yoyamba. Anayamba ndi khofi, koma cha m'ma 1900 khofi anagwa chifukwa cha matenda ndi kutsika kwa mitengo. Anayesa thonje ndi fodya, kenaka tiyi, yemwe anali atayamba kale ku Mulanje, anafalikira kuno. Njanji yodzera pa Luchenza inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo katundu anapeza njira yotulukira. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Ignazio Conforzi wa ku Italy nayenso anatsegula minda yake, ndipo mpaka lero dzina lake ndi dzina la malo pakamwa pa makondakitala.

Koma minda siidzilima yokha, ndipo apa ndi pamene mbiri ya boma inasanduka mbiri ya m'nyumba zathu. Atatu mwa ife ndi Alhomwe. Makolo athu anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno analibe mfumu yowapatsa malo, choncho ambiri anakhala pa maesiteti. Mwini malo ankawalola kumanga nyumba ndi kulima kamunda, malipiro ake n'kukhala thangata.

Mawu amenewa ndi abwino chiyambire. Kuthangata ndi kuthandiza mnzako pa ntchito, monga timachitira pa chipala kapena pa maliro. Pa esiteti anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Pa lamulo, munthu ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba. Koma mwezi wake unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku lomwe kapitawo wanena kuti ndime sinathe silinkalembedwa. Miyezi iwiri inkatha kutalika kufika inayi kapena isanu. Chopweteka kwambiri n'choti ntchitoyo inkafunika nthawi ya dzinja, pomwe munthu amayenera kubzala ndi kupalira m'munda mwake. Ife amene timayeza ana pa sikelo sitifunika kuuzidwa zomwe zimachitika pa banja lomwe munda wake sunapaliridwe mu Januwale. Wokana ankathamangitsidwa, nyumba yake n'kugwetsedwa.

Gogo wina wa kufupi ndi Masambanjati, yemwe mayi ake anagwira thangata, anatiuza kuti kwawo mwana akamachedwa kudzuka ankamuopseza ndi kapitawo, osati fisi. Anaseka ponena zimenezi. Ife sitinaseke msanga.

Anthu sanangokhala chete. Thangata ndi limodzi mwa madandaulo omwe anadzutsa John Chilembwe mu 1915 kwa anansi athu ku Chiradzulu. Mu 1943 Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alhomwe, ndipo linalimbana kuti boma lisiye kutchula anthu athu ndi dzina lonyoza lomwe linkalembedwa m'mabuku ake. Mu Ogasiti 1953, chaka chomwe Chitaganya chinayamba, mkangano wa malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza unayatsa moto womwe unali ukunyeka kale chifukwa cha lendi ndi malo. Anthu anatseka misewu ndi mitengo, chipolowe chinafalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Kusukulu tinaphunzira za Vasco da Gama ndi za nkhondo za ku Ulaya, koma palibe mmodzi wa ife amene anamvapo m'kalasi za 1953, ngakhale zinachitikira pamtunda woyenda pa njinga kuchokera pa sukulu zathu.

Pa Makwasa tinapuma tsiku lachiwiri. Owerenga ambiri a magazini ino amaidziwa Malamulo ngati chipatala ndi sukulu, koma nayonso ili m'nkhani yomweyi ya malo. Inali munda wa khofi womwe Joseph Booth anatsegulapo mishoni ya Plainfield. Booth yemweyu ndi amene anatenga Chilembwe kupita naye ku America mu 1897, ndipo atsamunda sankamufuna chifukwa chonena poyera kuti Africa ndi wa Aafirika. Mu 1902 malowa anagulidwa ndi mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo m'busa woyamba kuwayang'anira anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, yemwe anabwera ndi banja lake. Dzina loti Malamulo linabwera mu 1907. M'zaka za m'ma 1920 pamalopa panayamba chithandizo cha odwala khate, ndipo anthu ankachokera kutali kudzafuna mankhwala.

Boma linagula malo ena a maesiteti n'kukhazikapo anthu, koma nthaka yabwino ya pamtunda, yosalala ndi yolandira mvula yambiri, inatsala pansi pa tiyi, ndipo masiku ano palinso makademiya ndi bulugamu. Anthu anatsalira m'zitunda ndi m'makwawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino. Kuno munda umatsata kuchikazi: mayi amagawira ana ake aakazi, iwonso adzagawira awo. Munda umodzi ukagawidwa kwa mibadwo itatu umatsala mizere yowerengeka. N'chifukwa chake mabanja ena analola kusiya manda a makolo awo n'kusamukira ku Machinga ndi Mangochi pa ntchito ya Kudzigulira Malo yomwe inayamba mu 2004. N'chifukwa chakenso Phiri la Thyolo, lomwe tili ana linali nkhalango yakuda bii, lero ndi minda ya chimanga mpaka pamwamba. Kudzudzula odula mitengo n'kosavuta ukakhala pa khonde m'tauni. Ukaima m'munsi mwa phirilo n'kuona pomwe anthuwo akanalima, pakamwa pamalemera. Komabe akasupe akuphwa, ndipo mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inationetsa zomwe nthaka yopanda mitengo imachita.

Sitikunena kuti tiyi ndi mdani. Ambiri a ife fizi yathu inachokera m'dengu la wothyola tiyi, ndipo alimi ang'onoang'ono masauzande ali ndi minda yawoyawo ya tiyi. Koma mwana sadya tiyi. Mayi amene amalawirira ku ndime mbandakucha n'kubwera madzulo amasiyira kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri ntchito yodyetsa khanda, ndipo khandalo timakumana nalo pa sikelo mzere wake ukutsika. Kumuuza mayi ameneyo kuti ndi waulesi n'kusadziwa kwathu kuno.

Kuchokera pa Makwasa msewu umapotoloka m'zitunda kutsikira ku Thekerani. Kale dera limeneli ndi la Molere ankadziwika ndi nthochi, malole akutuluka atadzaza mikoko kupita ku Blantyre ndi Lilongwe. Matenda a chisaka anapululutsa minda, ndipo alimi anauzidwa kuzula zonse kuti abzale mbewu yatsopano yopanda matenda. Nthochi zikubwerera pang'onopang'ono. Kum'mawa, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi kwambiri, ndipo chiperoni chomwe chinatinyowetsa ulendo wonse chinatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la komweko.

Kumeneko ndi komwe tinaona ulimi wa anthu omwe akhala zaka zoposa 100 pa malo ochepa. Pakhomo pomwe tinafikira, kamunda kake sikakwana theka la ekala, koma mulibe dothi longokhala. Chimanga chinali chitakololedwa, nandolo ali chiimire akuchita maluwa, pansi pake pakuyanga mbatata ya kholowa. M'malire muli chinangwa chopatsa chigwada ndi makaka, pa mtengo wa peyala pakukwera shushu, ndipo pomwe amatayira madzi otsukira mbale pamera bonongwe. Magulu anayi a zakudya tinawawerenga tili chiimire pamalo amodzi. Palibe anawaphunzitsa ndi tchati. Tinatulutsa makope athu n'kujambula momwe anayalira mbewuzo, kuti tikaonetse amayi a ku sikelo kwathu.

Madzulo mayi wa pakhomopo anatiikira kalongonda, nyemba zomwe Alhomwe amadziwika nazo. Kalongonda amabereka pa nthaka yoguga ndipo amaibwezera chonde, koma wosapsa bwino amazunguza mutu ndi kusanzitsa. Amafuna kuwiritsa nthawi yaitali, kusenda makoko, ndi kutaya madzi kangapo mpaka atasiya kuda. Mayiwo anati anauyamba dzulo lake, ndipo nkhuni zake anakazitola mwana wawo kutsetse kwa Ruo. Tinadya ndi mchere ndi tsabola pang'ono, titazungulira moto, chifunga chikukwera kuchokera kumtsinje.