Tisamangosirira misewu ya ku Joni, tionenso chimene chikuiphwanya

Abale anga akumudzi, wina akangoika chithunzi cha msewu wa N1 kapena N3 pa Facebook, ndemanga zimakhala zomwezomwezo: anzathu ali patali, ife tili mtulo. Sindikukana kuti misewu ya kuno ndi yotakasuka. Koma ine ndimagwira ntchito pa depoti ina kufupi ndi City Deep ku Johannesburg, komwe amatsitsira makontena ochokera ku doko la Durban, ndipo zimene ndimaona si zosiririka zokhazokha. Katundu woyenera kuyenda pa njanji akumusenzetsa msewu, monga momwe ife tinachitira kalekale.

Zabwino zilipo, ndizitchule. Kuno msewu uli ndi mwini wake wodziwika. Misewu ikuluikulu ya chilembo cha N ili m'manja mwa SANRAL, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1998. Ina ndi ya maboma a zigawo monga Gauteng ndi KwaZulu-Natal, ina ndi ya makhonsolo. Lamulo lawo la 2009 limalamula makhonsolo kulemba mapulani a mayendedwe a anthu ndi katundu m'dera lawo. Mabasi a Rea Vaya anayamba mu 2009, sitima ya Gautrain mu 2010, ngakhale ambirife timakwerabe mataxi. Kwathu nako mapepala alipo. Tili ndi Roads Authority, tili ndi Roads Fund Administration, tili ndi pulani ya dziko ya zamtengatenga ya 2017 mpaka 2037. Kungoti kwathu pulani imagonja nduna ikangogwira maiki pamsonkhano n'kulonjeza phula komwe kuli mavoti.

Tsono imvani za njanji. M'chaka cha 2017/18 Transnet, kampani ya boma yoyendetsa njanji kuno, inanyamula katundu wokwana matani pafupifupi 226 miliyoni. Pofika 2022/23 inatsika kufika pa matani ngati 150 miliyoni. Akuba ankadula mawaya a magetsi a sitima usiku, mainjini ambiri anangoima posowa zipangizo, katangale nayenso anadya gawo lake. Koma malasha ndi makontena sanasiye kuyenda ayi, anangosamukira pa mathiraki. Pitani pa Van Reenen's Pass, pa N3, mukaone. Mbali ya kumanzere mathiraki amangondondozana mphuno ndi mchira, akukwawa pachitunda, mabuleki akununkha. Imodzi ikangogwa chammbali, katundu wathu yense amagona panjira, ife pa depoti n'kumangoyankha mafoni a eni katundu okwiya. Kunjira ya ku Richards Bay ndiye kunanyanya. Mu September 2022 thiraki inagunda galimoto yonyamula ana asukulu ku Pongola, anthu 20 n'kufa, ambiri mwa iwo ana. Dziko la chuma chonsechi, misewu yake ikulephera kupirira.

Nanga M1 yathu ipirira bwanji? Aliyense amene anadutsapo pakati pa Lumbadzi ndi Kasungu ntchito yokonza isanayambe akukumbukira momwe phula linadyekera m'mbali, moti basi ikakumana ndi tanka ya mafuta, wina ankayenera kutsikira m'fumbi, wakabaza n'kuthawira kutchire. Msewu womwewo unyamule mafuta ochokera ku Dar es Salaam kutsika ndi kukwera pa Chiweta, unyamule feteleza, fodya, simenti, kenako odwala opita ku Kamuzu Central. Akatswiri a misewu amati kuwonongeka kwa phula sikukula mofanana ndi kulemera kwa katundu: ekiselo ikalemera kawiri, kuwononga kwake kumakula pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake sikelo ya pamsewu ndi yofunika ngati phula lenilenilo. Thiraki yodzaza mopyola muyeso ikadutsa pasikelo chifukwa wina walandira ya fanta, ngongole yomangira msewuwo tidzakhala tikubwezabe msewu utatha kale.

Pa nkhani ya kulipiritsa pamsewu, ife tisadzinyoze kwambiri. Kuno anaika makina olipiritsa a e-toll m'misewu ya Gauteng mu December 2013 anthu asanavomereze. Anthu anangokana kulipira, boma linaopseza mpaka kutopa, ndipo mu April 2024 makina aja anazimitsidwa, ngongole n'kutsalira boma. Pomwe pa N3, pa Mooi River kapena pa Tugela, oyendetsa amadandaula mtengo koma amalipira, poti msewu akuuona. Kwathu zipata za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zinayamba mu 2021 ndi 2022, ndipo anthu akulipira ndithu. Chotsala n'chakuti munthu akalipira pa Chingeni asagwerenso m'dzenje asanafike ku Ntcheu boma.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti njanji yabwino idutsa kale m'dziko mwathu. Kampani ya Vale inamanga njanji yochokera ku Moatize, kudzera ku Mwanza ndi Neno kukalumikiza pa Nkaya, kenako Liwonde, Nayuchi mpaka Nacala, mtunda wa makilomita oposa 900. Anthu a ku Balaka amangoona mabogi a malasha akudutsa usana ndi usiku, pamene feteleza wawo akubwera pa thiraki kuchokera ku Beira. Njanji ya kumwera inaduka pa Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, ndipo tinakhala zaka zoposa 20 tikungoiyang'ana. Ya Mchinji kupita ku Chipata inatsegulidwa mu 2010, koma ndani anaionapo ikuyenda mowirikiza? M'chaka chomwecho a Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje alendo akuluakulu ali pompo, koma bwato la katundu linagwidwa ku Mozambique osafika. Dziko lopanda nyanja yamchere silingapange pulani lokha. Wa ku South Africa akakangana, amakangana ndi Transnet yake yomwe. Ife tiyenera kuyamba tagwirizana ndi Maputo, Dodoma ndi Lusaka, apo ayi timanga konkire yoti mbuzi zizigonapo.

Zipata za m'malire nazo ndi mbali ya msewu. Thiraki yochoka kuno kupita ku Blantyre imaima pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Zobue ndi Mwanza, ndipo madalaivala amanyamula mbaula ndi ufa podziwa kuti nsima aphikira pamzere. Masiku amenewo amalowa pa mtengo wa katundu mu golosale ya ku Ndirande. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe kuyambira 2022 anthu amaima kamodzi kokha, chikuonetsa kuti zimatheka.

Tsopano boma la kuno layamba kulola makampani oima paokha kuyendetsa sitima zawo pa njanji ya Transnet. Ife njira imeneyo tinaiyamba mu 1999 pamene njanji yathu inaperekedwa ku kampani ya CEAR, ndipo taona kuti kampani imathamangira komwe kuli katundu wambiri, osati komwe boma likulakalaka. Mu 2024 sitima ya mafuta inafika ku Kanengo patapita zaka zoposa 20, anthu anavina, zithunzi zinajambulidwa. Phungu wanu akabwera kudzalonjeza phula, mufunseni kuti sitimayo ikufika kangati pamwezi, ndiponso kuti feteleza wa chaka chino atsikira pa siteshoni iti.