Mphwanga, katoni ya magemu ija sinditaya

Mphwanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Johannesburg pamodzi ndi mlamu ndi ana. Kuno ku Matero tilipo, amayi miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Uthenga wako ndinaumva, ndipo ndasankha kukuyankha poyera chifukwa anzathu ambiri amene tinakula nawo akuganiza monga iwe.

Wati pokonza chipinda cha amayi nditaye katoni ya magemu ili pamwamba pa wadiropu, poti zonse zili m'menemo n'zafeki, ndipo iwe wayamba kusonkhanitsa zenizeni: Nintendo yochokera ku America, makatiriji a m'mabokosi awo, ena osatsegula n'komwe. Ndakana, mphwanga. Ndikusangalala kuti chikondi cha magemu akale sichinakuthere, koma pa nkhani ya katoni ija walakwitsa.

Zoona, makina athu akuda aja olembedwa Terminator sanapangidwe ndi Nintendo. Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan mu 1983, kenako mu 1985 inalowa nayo ku America ndi dzina loti NES. Mwana wa m'komboni muno makina amenewo sanawaonepo, ndipo malipiro a atate sakanawafikira. Chimene chinatipeza ife ndi makina okopera opangidwa ku Taiwan ndi ku China, amene anadzaza m'masitolo a ku Kamwala boma la Chiluba litatsegula malonda pambuyo pa 1991, nthawi yomwe ija salaula inasefukira ku Soweto Market. Sitinali tokha. Ana a ku Russia anakulira pa Dendy, a ku Poland pa Pegasus, ndipo ukafunsa anzako a kumeneko ku South Africa akuuza za Golden China. Onsewo anali okopera. A ku Russia sachita manyazi ndi Dendy wawo, amamusunga ndi kulemba mbiri yake. Nanga ife manyaziwo tawatenga kuti?

Kumbukira mmene tinkalumikizira. Kuzula chingwe cha eriyo kumbuyo kwa TV, kulowetsa cha gemu, kenako kupotokola kabatani kosakira siteshoni pang'onopang'ono mpaka mchenga uja uchoke, zilembo zionekere. Atate, monga azibambo ambiri a nthawiyo, ankakhulupirira kuti gemu imawononga TV, choncho nthawi ya nkhani za 19 koloko pa ZNBC isanakwane, eriyo inayenera kukhala itabwerera pamalo pake. Adaputa inkatentha moti tinkaigoneka pa simenti kuti izizire. Ana a mumzere wathu wonse ankadzaza pakhomo, ena ataunjikana pawindo, ndipo lamulo linali limodzi: wafa, pereka padi kwa mnzako. Nyumba zokhala ndi magetsi ndi TV zinali zowerengeka, ndiye makina amodzi ankasangalatsa ana a mabanja ambirimbiri. Mabatani a padi yoyamba ija anafufutika chifukwa cha zala za ana amenewo, amene lero ena ndi aphunzitsi, ena oyendetsa minibasi, ena tinawaika kale m'manda ku Chingwere. Nintendo yako ya ku America ndi yokongola, koma palibe mmodzi wa iwo amene anaigwirako.

Makatiriji achikasu aja ankanama, sindikutsutsa. Pamwamba analemba kuti muli magemu 9999999, koma ukatsika pamndandanda umapeza kuti ndi magemu ochepa okhaokha obwerezabwereza, kungosintha mtundu wa kumwamba kapena malo oyambira. Komabe kuchepako ndi kumene kunatichititsa kuwadziwa mpaka m'kati. Super Mario Bros. ya Shigeru Miyamoto, ya mu 1985, yonse imakwana m'makilobaiti 40, kuchepera kutali chithunzi chimodzi cha pafoni yako, koma tinkadziwa njerwa iliyonse yobisa bowa ndi paipi iliyonse yolowera pansi. Lero mwana amatsitsa gemu m'mawa, masana yamutopetsa, madzulo wafufuta.

Ndikudziwa kuti iwe mtima wako uli pa Mario ndi Contra. Ine ndinena zomwe ndakhala ndikunena kuyambira kale: gemu yaikulu ya m'komboni inali ya akasinja ija, Battle City ya Namco ya mu 1985, imene pamakatiriji athu inkabwera itasinthidwa ndi dzina loti Tank 1990. Mario mumasewera mosinthana, wina akudikira. Mu akasinja mumalowa awiri nthawi imodzi, ndipo mukapanda kugwirizana chiwombankhanga chimene mukulondera chimaphulitsidwa, nonse mwagonja. Wina ankalondera kumanzere, wina kumanja, owonerera akukuwa kuti fosholo yatuluka, thamangira. Panalinso malo omangira bwalo lako lankhondo, kuika njerwa, zitsulo ndi madzi momwe ukufunira. Ndiyo gemu yokhayo imene ine ndi iwe tinkasewera osakangana. Mlongo wathu, amene anyamata ankamukankhira kumbuyo, ndiye ankatiposa tonse pa Circus Charlie ndi Tetris, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti magemu atasamukira m'tumashopu, atsikana ambiri onga iye anasiyira pomwepo chifukwa kumeneko kunali kwa anyamata okhaokha.

M'katoni muja mulinso mfuti ya Duck Hunt. Mfuti imeneyo imagwira ntchito pa ma TV akale a chimsana okha, chifukwa imawerenga kuwala kwa sikirini pa kamphindi komwe wakoka chowombera, ndipo ma TV opyapyala a masiku ano amachedwa kuonetsa chithunzicho. Ndiye chifukwa chake TV yakale ya atate nayonso sindiitaya. Ma TV amenewa akutha msanga kuposa magemu. Anthu akagula opyapyala, akalewo amawaponya kuseri kwa nyumba, ogula zitsulo amawaphwanya kufuna mkuwa, zotsala zimathera kudzala la ku Chunga. Okonza ma TV amenewa, azibambo aja okhala ndi kagalasi kutsogolo kwa sikirini ndi chowotcherera m'manja, nawonso akukalamba, ndipo achinyamata onse anapita kokonza mafoni.

Pansi pa katoniyo pali PlayStation yotuwa imene tinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Sony inaitulutsa ku Japan mu December 1994, ndipo ife inatipeza patapita zaka, itaikidwa kale chipu kuti iziwerenga madisiki okopera. Diso lake litatopa tinkaitembenuza chadodolido kuti disiki iwerengeke, tonse titagwira mpweya podikira kuti chizindikiro chachiwiri chija chituluke. Inali nthawi ya tumashopu ta magemu, ku Matero, ku George, ku Chawama, ku Kanyama: kachipinda ka malata kotentha, benchi, ma TV awiri kapena atatu, mwini wake atakhala pakhomo ndi kachitini ka ndalama. Tinkalipira ndi K500 kapena K1000 za pulasitiki zija zinabwera mu 2003, zomwe mu 2013 zinasanduka 50 ngwee ndi K1 atachotsa maziro atatu. Gemu ya mpira ya Winning Eleven inkabwera m'Chijapanizi, palibe amene ankawerenga chilembo ngakhale chimodzi, koma mwana wa giredi 5 ankasintha osewera ndi kakhalidwe ka timu mwa kuloweza malo a mabatani. Ndipo sindidzaiwala FIFA: Road to World Cup 98, imene inali ndi matimu a mayiko onse olowa mpikisano wopita ku France. Zambia inalimo. Panali patangopita zaka zochepa kuchokera pamene ndege inagwa ku Gabon mu April 1993 ndi kutitengera timu yathu, ndiye kuona mbendera yathu pa sikirini ndi kuimenyetsa ndi Brazil sichinali chinthu chaching'ono. Tinatenga zikho zambiri pabenchi lija Katongo ndi anzake a timu ya Zambia asanakweze chikho chenicheni ku Libreville mu 2012.

Sindikuti zonse zinali zabwino. Ana ena ankathawa sukulu, chenji cha kumsika chinkasowa, makolo ankabwera ndi chikwapu kudzawatulutsa. Koma ndikaona nyumba za kubetcha zimene zadzaza m'misewu yathu lero, mmene mnyamata amalowa ndi ndalama ya ufa n'kutuluka chimanjamanja, ndimaona kuti kashopu ka magemu kankamupatsako chinthu chooneka pa ndalama yake: masewera, anzake ndi luso.

Tsopano za kusonkhanitsa kwako. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi njira imene anthu a ndalama aitengera nkhaniyi. Mu July 2021 katiriji ya Super Mario 64 yosatsegula inagulitsidwa madola 1.56 miliyoni ku America, ndipo mwezi wotsatira ya Super Mario Bros. inapita pa madola 2 miliyoni. Amaitsekera m'bokosi la pulasitiki lolimba, kuipatsa malikisi, kuiika m'sefa. Munthu amene wagulayo sadzamvapo nyimbo ya gemuyo kuchokera mu katiriji imeneyo, chifukwa akangoitsegula mtengo wagwa. Kwa ine imeneyo ndi ng'oma yoikidwa m'kabati ya galasi, yomwe palibe amene adzaivinire. Amenewo ndi malonda, ndipo wamalipiro ngati iwe ukawatsatira udzangotaya ndalama ya sukulu ya ana.

Kusunga kwenikweni kukufunika, ndithu. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chaka cha 2010 chisanafike sakugulitsidwanso. Kumeneko ndi ku America, kumene kuli anthu olipidwa kuti aziwerenga ndi kusunga zinthu zotere. Nintendo zenizeni zili m'manja mwa osonkhanitsa ambirimbiri padziko lonse, ndipo yako ikatayika dziko silitaya kanthu. Koma katiriji yachikasu yogulidwa ku Kamwala, yomatidwa selotepi, yolembedwa dzina la mwini ndi bolopeni kumbuyo, palibe amene akuisunga. Ku Kanyama madzi a dzinja amalowa m'nyumba chaka ndi chaka, ndipo makatoni ngati athuwa ndiwo amayamba kuwola. Tsiku lina mdzukulu adzafunsa kuti ana a mu Lusaka ankasewera chiyani m'zaka za m'ma 1990, ndipo ndikufuna adzaone makina enieniwo, kaya m'nyumba mwathu kaya ku Lusaka National Museum, kumene ndikuona kuti ndi koyenera kukhala amodzi.

Poti wagula kale, imva malangizo a mkulu wako. Makina a ku America amadya magetsi a mavoti 120, pomwe kuno ndi kumeneko ndi 230. Ukawalowetsa kukhoma popanda chotsitsa mphamvu, adaputa ipsa nthawi yomweyo. Makatiriji a NES ali ndi mano 72, athu achikasu ali ndi 60 monga a Famicom, ndiye sangalowane popanda cholumikizira. Chithunzi cha ku America pa TV yakale ya kuno chimatha kutuluka chopanda mitundu. Ndipo ana ako usawaphunzitse kuuzira katiriji ndi pakamwa. Chinyezi cha mpweya chimadyetsa mano aja dzimbiri. Chomwe chinkathandiza kwenikweni ndi kuitulutsa n'kuilowetsanso. Pukuta ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti ya okonza mafoni.

Za kusewera magemu akale pafoni kapena pakompyuta sindikutsutsa, ndi njira imene ambiri a iwo adzapulumukire. Koma chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumasowa pafupifupi tsiku lonse, ndinkati akangobwera ndilumikize Terminator ija kwa ana anga ndi anzawo. Poyamba anaseka zithunzi zake. Pasanathe ola anali akukuwa za chiwombankhanga, mafoni ali pampando. Makinawo akugwirabe ntchito, mphwanga, padi yachiwiri yokha ndiyo yafa batani la B.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pa ndalama imene ukufuna kugulira katiriji ina yosatsegula, ndigulire timalabala ta m'kati mwa mapadi ndi adaputa yatsopano, kumeneko zimapezeka mosavuta. Funsanso anzathu a ku George ndi ku Chawama amene uli nawo pa WhatsApp ngati makolo awo akadali ndi makatoni otere, uwauze asataye, ine ndikatenga ndekha. Ukamabwera pa Khirisimasi ubwere ndi ana, ndipo Nintendo yakoyo uitulutse m'bokosi ubwere nayo, tidzailumikize pambali pa yathu kuti ana a mumzere uno adzaigwireko.

Amayi akupereka moni kwa mlamu ndi adzukulu.

Ndine mkulu wako,
ku Matero, Lusaka