AZUNGU AGONA KUMPANDA, A GENI AGONA M'BASI

Inu amene mumakaoda zitenje ku Kyela mukudziwa kuti ulendo wa kumpoto suvuta masana. Mavuto amayamba dzuwa likalowa. Ndalama ili m'chiuno, basi yafa, ndiye munthu ugone kuti?

Ine zinandionekera pa Chitimba, pamsewu wa M1. Tinali titangotsika phiri la Chiweta, mabuleki akununkha, pomwe basi yathu inatsokomola kawiri n'kuzima. Adalaivala anasuzumira ku injini nati chitsulo chake chichokera ku Mzuzu, chifika mawa. Kondakitala ndiye anangosowa. M'basimo ambiri anali amayi a geni, aliyense mpamba wake ataumanga pathupi.

Cha m'ma 4 koloko kunatulukira chigalimoto cha manambala a ku Germany, mawindo ake a makatani, pamwamba pali masola. Chinakhotera kunyanja mosafunsa njira, ngati kwawo. Pajatu ntchito yanga ndi ya mphekesera, ndinachitsatira.

Abale inu, imeneyo ndi nyumba ya matayala. Mkati muli bedi, mbaula ya gasi, firiji, thanki ya madzi, ngakhale kachimbudzi. Eni ake, bambo ndi mayi achikulire, anali atalowa mumpanda wina wa m'mphepete mwa nyanja, mlonda n'kutseka geti. Nditafunsa kuti malowo anawadziwa bwanji, bamboyo anandionetsa foni. Muli pulogalamu yotchedwa iOverlander, momwe anthu oyenda ndi galimoto zotere amalemberana za malo amene agonapo: kuli mlonda kapena ayi, madzi akutuluka, geti ndi yotakata moti chigalimoto n'kulowa, mchenga sutitimiza matayala. Amasankha malo awiri m'mawa asananyamuke, kuti oyamba akakanika athawire ena.

Lamulo lawo ndi limodzi, ati: pofika 4 koloko injini izime. Usiku sayenda, kuopa njinga zopanda nyale, ng'ombe ndi malole ofera pamsewu amene chizindikiro chake ndi nthambi za mtengo basi. Apa sindinawatsutse. M1 timaidziwa tonse.

Malo oterewa sali pa Chitimba pokha. Mukatsata msewu wa M5, wa m'mphepete mwa nyanja uja, muwapeza ku Kande kufupi ndi Chintheche, komanso ku Senga Bay mukapatuka pa Salima. Malole akuluakulu onyamula alendo pakati pa Nairobi ndi Cape Town akhala akuima m'malo amenewa kwa zaka zambiri. Chitimba imawakomera chifukwa ndi pogona pabwino munthu akalowa pa Songwe, ndiponso mpamene pamayambira msewu wa Gorodi, wa makona 20 aja, wokwera ku Livingstonia komwe a Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894. Ambiri amasiya chigalimoto pansi n'kukwera phirilo pa kagalimoto kakang'ono kapena wapansi.

Ndinafunsa mlonda ngati amayi a m'basi aja angabwere kudzayala zitenje pakapinga. Anaseka, koma osati mwachipongwe. Anati palibe woletsa, bola alipire monga alipirira onse, mutu uliwonse paokha. Atatchula mtengo ndinawerengera mumtima: phindu la zitenje zingapo lapita, katundu asanagulidwe n'komwe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mzungu uja ndalama yake ili pa khadi. Akamubera, amaimba foni kubanki n'kutseka. Mayi wa geni ndiye amanyamula yonse ya kashi, ina ya ngongole ya banki m'khonde, ina ya chiperegani, koma pamsewu wonsewu amene ali ndi mpanda, mlonda ndi nyale ndi uja wa khadi. Maresitihausi alipo, inde, koma enawo chitseko chake amatsekera msomali wopinda, ndipo phokoso la bala limafika mpaka mbandakucha.

Nditabwerera kubasi ndinapeza amayi atakonza kale zawo. Zikwama zonse anaziika pakati, amuna atatu anawakhazika pakhomo, ndipo anagawana maola: anayi agone, anayi akhale maso. Wopita kuthengo amapita ndi anzake awiri. Mayi wina wa mumsika wa Mzuzu anandipatsa chinangwa chophika nati, "Achimwene, inu mugone chakutsogoloko. Sitikukudziwani." Sindinakwiye. Ndikanakhala ine ndikanateronso.

Udzudzu wa kunyanja unatichita zoopsa usiku umenewo. Mawindo tikatseka, kutentha. Tikatsegula, nyimbo kukhutu.

Kutacha, cha m'ma 6, chigalimoto chija chinatuluka pageti, mayi uja ali ndi kapu ya khofi m'manja, natiimikira dzanja. Amayi anabweza moni, kenaka mmodzimmodzi anayamba kupita kuseri kwa basi kukawerenga ndalama. Zonse zinali zokwana. Chitsulo cha ku Mzuzu chinafika 11 koloko.