NKHATA ZA PANSI PA VANETI

M'mudzi wina wa m'boma la Katete, pa mseu wa fumbi wopatuka ku mseu waukulu wa Great East, mumakhala mkulu wina amene anapuma pa nchito ya uphunzitsi, ndipo anthu amawachabe Aphunzitsi. Ndalama zimene analandira popuma anagulira vaneti yakale, ndipo kuyambira pomwepo galimotoyo yakhala ngati ya mudzi wonse. Ndiyo imatuta cimanga ndi nshawa kunka nazo ku msika, ndiyo imabweretsa fetereza, ndiyonso imathamangitsa odwala usiku ku cipatala ca St Francis. Pa maliro imanyamula bokosi, ndipo mu Ogasiti imatenga anthu opita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba.

Kwa zaka ziwiri vanetiyo inali kudandaula, koma eni ace sanazindikire cimene cinali kuivuta. Ikaponda pa mabampu, pansi pa mpando panali kumveka kugunda, gu! gu! monga mai akusinja mu mtondo. Citseko ca kumanzere cinayamba kukana kutsekeka kufikira munthu atacikankha kawiri kapena katatu. Poiyang'ana ca kutsogolo, inaoneka yopendekera mbali imodzi. Aphunzitsi anasintha mashoko namangitsanso masipuling'i, koma phokoso silinathe. Potsiriza anangoti ndi ukalamba, pakuti naonso maondo ao anali kulira akamadzuka m'mawa.

Usiku wina m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili mkati, anadzutsidwa kuti atenge mai wapakati amene nthawi yace inakwana. Maiyo anakhala pakati, ndipo ca ku citseko kunakhala agogo ace omuperekeza. Pooloka kakhwawa ka ku dambo, galimoto inapendekeka ndipo citseko cija cinatseguka cokha. Agogowo anapulumuka cifukwa mdzukulu wao anawagwira citenje. Anamanga citsekoco ndi legeni napitiriza ulendo, ndipo mwana anabadwa bwino mbandakuca. Koma Aphunzitsi anatha masiku ambiri osaona tulo, poganizira cimene cikanacitika nkhalamba ija ikanagwera kunja.

Mbiri itamveka, kunabwera munthu wina wogula zitsulo zakale. Iye anazungulira galimotoyo kamodzi nanena kuti chasisi inapindika, motero palibe mankhwala. Mtengo umene anachula sunakwane ngakhale ng'ombe ziwiri, komabe Aphunzitsi anatsala pang'ono kuvomera cifukwa ca mantha. Akazi ao ndiwo anawaletsa. "Mukaigulitsa, odwala a muno adzayambanso kupita pa ngolo," anatero. "Safunsa anadya phula. Bwanji osayamba mwaitana mwana wa alongo anu?" Mnyamata ameneyu ndi makanika ku Cipata.

Anabwera anthu atatha kukolola. Anayala saka, nalowa kunsi kwa galimoto ndi tochi, nakhalako kanthawi ndithu. Potuluka anati, "Atsibweni, chasisi ili bwinobwino. Cimene catha ndi mabushi a bodi."

Mwina awerengi ena sadziwa kumene mabushi amenewa amakhala. Magalimoto monga Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968, Land Cruiser ndi mavaneti ena akale a Datsun ali ndi zigawo ziwiri. Pansi pali chasisi, cimango ca zitsulo cimene cimasenza injini ndi magudumu. Pamwamba pali bodi, mmene anthu amakhala. Ziwirizi zimamangidwa pamodzi ndi mabauti, koma pa bauti iliyonse pali mphira wocindikala, wina pamwamba wina pansi, ndi kapaipi ka citsulo pakati. Mphirayo ndiye amameza kugwedezeka kwa mseu, amaletsa citsulo kukhuzana ndi citsulo cinzace, ndiponso amasunga bodi pa msinkhu wace kuti zitseko zizilowa bwino. Magalimoto ang'ono ambiri a masiku ano alibe mabushi otere, pakuti bodi ndi chasisi ndi cinthu cimodzi.

Mphira wa pa galimoto ndi wophikidwa ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear wa ku America analembetsa mu 1844. Ndi wolimba, koma sakhala muyaya. Kutentha ndi mpweya zimamuumitsa mpaka ang'ambike, oilo wodontha ku injini amamufewetsa, ndipo matope okhala pamenepo amasunga cinyezi cimene cimadyetsa bauti dzimbiri. Mphira akaphwa, bodi imatsika mbali imeneyo ndi kuyamba kuvina pa chasisi.

Mnyamatayo ali mkati mofotokoza, akazi a Aphunzitsi anaseka nati, "Kodi si nkhata imeneyo? Nkhata ikatha, mtsuko umapweteka mutu ndipo madzi amatayika." Kuyambira tsikulo pa nyumbapo mabushi anachedwa nkhata.

Aphunzitsi, pofuna kupulumutsa ndalama, anati angodula zidutswa za tayala lakale. Mnyamatayo anakana mwaulemu. Anati tayala lili ndi ulusi ndi mawaya mkati, silifanana kucindikala, ndipo popanda kapaipi koyenera bauti imamasuka msanga. Anachulanso mabushi a polyurethane, amene saopa oilo ndipo amakhalitsa, koma ndi ouma, kotero kuti pa mseu wa mabampu wokwera amamva kugwedezeka kwambiri. Poganizira odwala, anasankha a mphira. Anagulitsa mbuzi ndi matumba angapo a nshawa, ndipo mnyamatayo anakagula mabushi ndi mabauti atsopano ku Cipata, atatenga nambala ya chasisi kuti asalakwitse mtundu.

Kwa masiku atatu sanagwire sipanala. M'mawa ndi madzulo anali kungothira mafuta omasula dzimbiri pa bauti iliyonse. Aphunzitsi atayamba kung'ung'udza, iye anawakumbutsa mwambi umene iwo eni anali kuuza ana a sukulu, wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lacinai anaimika galimoto pa malo osalala ndi olimba, natsekera magudumu ndi zipika, nacotsa waya wa batire. Vanetiyo inali ndi mabushi pa malo asanu ndi amodzi, atatu mbali iliyonse. Mnyamatayo anamasula mabauti onse pang'ono, koma anacotseratu a kumanzere okha, kuti a kumanja agwire bodi isasunthe pa malo ace. Pa mutu wa jeke anaika thabwa locindikala kuti jeke isaboole pansi pa bodi, ndipo ananyamula pang'onopang'ono, masentimita asanu cabe, pongofuna mpata wotulutsira mphira wakale. Nchito ya Aphunzitsi inali kuyang'anitsitsa mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, mawaya, mapaipi a ladiyeta ndi citsulo ca ciongolero, pakuti zina mwa izi zimagwira ku bodi ndi ku chasisi komwe, ndipo zikakokedwa zimaduka. Pa nthawi ina anapfuula kuti, "Ima!" Waya wina unali utakungika ngati nsinga ya uta, ndipo anayamba aumasula asanapitirize.

Asanakhudze bushi iliyonse, mnyamatayo anaponyera cipika pakati pa bodi ndi chasisi. Mdzukulu wina atatambasula dzanja kuti athandize, anamukalipira kwambiri. "Jeke ilibe cibale," anatero. "Ikaterereka, zala zatha." Mabushi akale anawakankha ndi citsulo cacitali.

Cimene cinatuluka cinadabwitsa onse. Bushi ina inali yaphwathalala ngati citumbuwa copondedwa, ina inanyenyeka m'manja ngati khala. Bauti ina inali itamamatirana ndi kapaipi kace cifukwa ca dzimbiri, kotero kuti anacita kuidula ndi sowo. Pa malo a pansi pa citseko cija mphira anali atatheratu, ndipo citsulo ca chasisi cinali kung'anima cifukwa ca kukhuzana. "Cikanatha caka cina, atsibweni, apa pakanabooka, ndipo tikanafuna woocherera," anatero mnyamatayo. Aphunzitsi sanayankhe. Anangogwira pa malopo ndi cala.

Anapala dzimbiri, napaka penti, naika mabushi atsopano osawapaka oilo kapena girisi, pakuti izi zimaononga mphira. Mawashala opyapyala amene anawapeza pa malo ena anawabwezera pomwe anali, cifukwa ndiwo amalinganiza bodi. Atatsitsa, anamanga mabauti ndi manja cabe nacita cimodzimodzi kumanja. Pomaliza anayesa zitseko zonse ziwiri, ndipo ataona kuti zikulowa bwino anamanga mabauti onse pa muyeso wolembedwa m'buku la galimotoyo. Potsazika analangiza kuti pakapita milungu iwiri akawayesenso, popeza mphira watsopano amakhazikika akasenza katundu.

Mabushi akalewo Aphunzitsi sanawataye. Anawatunga pa waya nawapacika pa khonde, ndipo mwini vaneti aliyense wobwera kudzaceza amasonyezedwa. Amamuuza kuti citseko cikayamba kukana, kapena pansi pakayamba kugunda, ayambe wagwada ndi tochi asanamvere mau a wogula zitsulo.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, ananyamuka kukatenga mbeu ndi fetereza ku Katete. Akazi ao anakwera, ndipo monga anazolowera kwa zaka ziwiri, anakoka citseko ndi mphamvu zao zonse. Cinatsekeka kamodzi ndi mkokomo waukulu. Aphunzitsi anawayang'ana nati, "Pang'onopang'ono, amake mwana, mudzandithyolera citseko."