Musanawasiye agogo m'manja mwa ena

Ana anga, sabata ino ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Mu 2009, nditagwira unamwino zaka zoposa 25, ndinakawatenga mayi anga kumudzi kuti adzakhale nafe ku Area 47. Mumtima ndinkati ndawachotsa m'mavuto, poti kwathu kunali magetsi, madzi a pampopi ndi chimbudzi cha m'nyumba. Patangotha miyezi itatu, usiku wina magetsi atazima, mayi anadzuka kuti akataye madzi. Anaterereka pamatayilosi a kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Tinathamangira nawo ku Kamuzu Central, madokotala anayesetsa, koma mayi sanayendenso mpaka tsiku limene anatisiya. Ine amene ndinkalangiza anamwino achichepere za kugwa kwa odwala, kwanga sindinaike ngakhale chogwirira pakhoma, kapena tochi pafupi ndi bedi lawo.

Chandikumbutsa zimenezi ndi banja lina lachinyamata lomwe linandipeza titaweruka kutchalitchi. Bambo awo anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Awiriwo amagwira ntchito ku City Centre, amachoka m'mawa kubwera usiku. Abale ena ali ku Johannesburg, amangotumiza ndalama. Ndiye anamva za malo ena osungirako okalamba. "Amayi, kodi tikawapititsa kumeneko tachimwa?" anandifunsa mwamanyazi.

Ndinawauza kuti ayi. Kupempha thandizo si kutaya kholo. Kulakwa n'kulipira ndalama basi, osaona kuti khololo likugona potani, likudya chiyani. Malo otere ndi ochepa kuno kwathu, ndipo ambirife sitidziwa choyang'ana tikafikako. Timakopeka ndi geti lalikulu, kapinga ndi maluwa. Koma maluwa satembenuza munthu pabedi.

Choyamba, pitani osanena. Fikani nthawi ya chakudya, kenako mudzapitenso madzulo. Mukalowa, mphuno yanu ikuuzani zoona. Fungo la mkodzo lokhazikika m'chipinda likutanthauza kuti matewera ndi zofunda sizisinthidwa msanga.

Chachiwiri, funsani kuti namwino wa pamalopo ndani, ndipo muone chiphaso chake cha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Yunifolomu yoyera aliyense angathe kusoketsa kumsika. Funsaninso kuti usiku kumagona antchito angati, ndipo wina akadwala mwadzidzidzi 2 koloko m'bandakucha, galimoto yopita naye kuchipatala ili kuti.

Chachitatu, funsani za zilonda. Munthu wosatha kudzitembenuza yekha ayenera kusinthidwa mbali pa maola awiri alionse, usana ndi usiku. Akangogonera mbali imodzi, magazi sayenda bwino pomwe fupa likukanikiza khungu, makamaka kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi kuzidendene. Pamayamba kuda kapena kufiira, kenako pamaboola. Zilonda zimenezi ndazitsuka kambirimbiri m'mawodi, ndipo zina zimafika pafupa. Malo abwino amakhala ndi pepala lolembapo nthawi imene wodwala watembenuzidwa. Pemphani kuti muliwone.

Chachinayi ndi mankhwala. Agogo ambiri amamwa a BP, ena a shuga, ena onse awiri. Pakhale buku lolembamo dzina la mankhwala, mlingo, nthawi ndi amene wapereka. Wa shuga akamwa mankhwala koma osadya, shuga amatsika kwambiri mpaka kukomoka. Ndipo mankhwala ogonetsa asamaperekedwe pofuna kuti nkhalamba "isavute". Amenewo ndi a dokotala yekha kulamula.

Chachisanu, yang'anani pansi ndi m'makoma. Kodi pansi ndi poterera? Kubafa kuli zogwirira ndi mpando wosambirapo? Magetsi akazima amayatsa chiyani? Kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu ndi ngozi. Mbaula m'chipinda chotseka nthawi yozizira ya June ndi July imapha mwakachetechete, chifukwa mpweya woipa wa makala sununkha. Ndipo ngati zitseko zimakhomedwa ndi loko kunja usiku, dzifunseni kuti moto utabuka atuluka bwanji.

Podya, wa sitiroko akhale tsonga, adyetsedwe pang'onopang'ono, ndipo asagonekedwe pasanathe mphindi 30, kuopa kuti chakudya chingalowe m'mapapo. Madzi akumwa azipatsidwa ngakhale sanapemphe, chifukwa okalamba samva ludzu msanga.

Tsono musaganize kuti zonsezi ndi za kumalo olipira okha. Ndalowa m'nyumba zikuluzikulu za ku Area 10 ndi Area 43 n'kupeza agogo ali m'kachipinda ka kuseri, owasamala ndi mtsikana wantchito yemweyo amene akuphika, kuchapa ndi kulera khanda. Palibe anamuphunzitsa kunyamula wodwala. Zikalakwika timamukalipira iyeyo, pomwe olakwa ndife. Muyeso umene mungayezere malo a ena, yezerani nawo nyumba yanu.

China chimene chimandiwawa ndi ichi. Agogo akayamba kuiwala mayina a ana awo, kuyankhula zosagwirizana kapena kutuluka panja usiku osavala, amenewo ndi matenda a muubongo, si ufiti. Ngati kusokonezekako kwabwera mwadzidzidzi, nthawi zina ndi matenda a m'chikhodzodzo kapena malungo, ndipo amachira. Pitani nawo kuchipatala. Tisaiwale zomwe zinachitika ku Neno mu 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza ufulu wa anthu okalamba. Koma lamulo sililowa m'chipinda cha agogo usiku. Amalowamo ndinu.

Banja lija linakayendera malowo kawiri, kenako linasankha kulemba womusamala wophunzitsidwa kuti azibwera masana, iwo n'kumasinthana usiku. Ena angasankhe mosiyana, ndipo palibe cholakwika, bola muziwayendera pafupipafupi. Mukafika musamangocheza pakhonde. Vundukulani bulangete, muone msana ndi zidendene.

Ana anu akuona mmene mukuchitira ndi agogo awo. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero lomwe, kagulireni agogo tochi.