Nyumba Imaonedwa M'dzinja

Ku England ndi ku America anthu amakonda kugulitsa nyumba pakati pa Malichi ndi Meyi. Chisanu chimakhala chatha, dzuwa likuchedwa kulowa, maluwa aphuka pabwalo, ndipo makolo amafuna kusamuka chaka cha sukulu chisanayambe. Mwana wa mlongo wanga, amene chilichonse amachipeza pa foni, anabwera nayo nzeru imeneyi m'banja mwathu ngati watola golide. Koma ku Chipata Malichi ndi mwezi wa matope. Chimanga chikadali m'munda, ndalama zinathera mayunifomu ndi mabuku mu Januwale, ngongole ya feteleza sinabwezedwe. Wogula nyumba mwezi umenewo ndi uja wanunkhiza kuti mwapanikizika.

Nyumba imene ndikunenayi ili ku Kapata. Atate anaigula mu 1996, pamene boma la a Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo. Kumbuyo anamangako zipinda ziwiri za lendi, ndipo zipinda zimenezo ndizo zinatiphunzitsa ana anayi tonse. Atate anatisiya. Amayi miyendo yawatopetsa, ndipo mtima wawo uli kumudzi, cha ku Mtenguleni, kumene kuli mng'ono wawo. Awirife tili ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550, mmodzi ali ku Kitwe, ndipo wotsala ku Chipata ali ndi nyumba yake.

Tisanakambe za mwezi, panali za malamulo. Atate sanasiye wilo, choncho nkhani yathu ikuyendera Intestate Succession Act ya 1989. Lamuloli limati nyumba ndi ya mkazi wamasiye ndi ana pamodzi, ndipo mayiyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Woyang'anira chuma cha masiye sangagulitse popanda chilolezo cha khoti. Kuwonjezera apo, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, ife timangokhala ndi lizi, ndiye kusintha dzina pa taitolo kumafunanso chilolezo cha boma. Mapepala amenewa alibe dzinja kapena chilimwe. Amayenda ulendo wa nkhono, ndipo wofuna kugulitsa mu Ogasiti ayenera kuwayamba mvula isanathe.

Ndatchula Ogasiti chifukwa ndalama za ku Chipata zimachokera m'munda, ngakhale za munthu amene sanagwirepo khasu. Fodya, thonje, soya, nshawa ndi chimanga zikagulitsidwa, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndalamazo zimadzera ku Down Shops, kwa ogulitsa malata ndi simenti, kwa a njinga zonyamula anthu, kenako zimafika kwa wamalonda amene wakhala zaka zisanu akulota nyumba m'tauni. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amene akufuna ana ake aziphunzira m'tauni amayamba kufunsa za nyumba matumba akachoka pakhomo. Mwezi wa Kulamba ku Katete, m'thumba mwa anthu mumakhala molemera kuposa mwezi wa Nc'wala.

Koma pali chinthu chimene ndachiona kwa ogula anzeru, ndipo ndimawalemekeza nacho. Nyumba amafuna kuiona mu Febuluwale. Chipata ili m'chigwa pakati pa mapiri, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika ndi mkwiyo kufunafuna Lunkhwakwa. Mu Ogasiti nyumba iliyonse ndi yabwino: mwapaka laimu, mwasesa pabwalo, mwatha. Mu Febuluwale khoma limanena zoona. Mzere wa chinyezi umaonekera pamwamba pa maziko, malata odontha amadziulula ndi mabeseni apansi, msewu wolowera umasanduka mtsinje kapena ayi. Yathuyi ili pokwera pang'ono, madzi amaidutsa m'mbali, ndipo atate anaika ngalande ya miyala ndi manja awo. Ubwino umenewo sungagulitsidwe m'chilimwe chifukwa suoneka. Ndiye maso a wogula ali mu Febuluwale, ndalama zake zili mu Ogasiti, ndipo pakati pake pali miyezi isanu ndi umodzi imene wogulitsa ayenera kupirira.

Kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake. Mu 2024 tinali okonzeka kuyamba, koma pa 29 Febuluwale a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chaka chimenecho anthu ankagula ufa, osati nyumba, ndipo tinaimika zonse. Pofika Januwale 2025, msonkho wosinthira umwini wa malo unakwera kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 8 peresenti, ndipo amalipira ndi wogulitsa. Tinene kuti nyumba yagulidwa K500,000: msonkho umene ukanakhala K25,000 tsopano ndi K40,000. Kusiyanako ndi malata a nyumba yonse ya kumudzi imene amayi akufuna.

Amalume sakufuna kumva za kugulitsa n'komwe. Amati Chipata inakhala mzinda mu 2017, chipata chatsopano cha Mwami chinatsegulidwa mu 2022, magalimoto a ku Lilongwe akuchuluka, ndiye poloti ya ku Kapata idzangokwerabe mtengo. "Ndalama zimatha, ana inu," amatero, "koma dothi silitha." Sindiwatsutsa pa za dothi. Chimene ndimawatsutsa n'chakuti nyumba si dothi lokha. Nyumba yopanda mwini pafupi imadyedwa ndi chiswe, alendi amalipira mwezi umene akonda, ndipo ana anayi ogwirizana lero amakhala zidzukulu khumi ndi zisanu zosadziwana mawa. Ndaona nyumba zotere m'komboni mwathu, mawindo atatsekedwa ndi makatoni, mlandu uli kukhoti chaka chachisanu. Siginecha ya amayi, akadali ndi nzeru zawo zonse, ndi imene ikutigwirizanitsa, ndipo imeneyo sidikira kuti mitengo ikwere.

Nditawafunsa amayi kuti, "Nanga inu mukufuna liti, amayi?" sananene mwezi. Anati mango a mtengo wa kumbuyo, umene atate anabzala chaka chimene ndinabadwa, akufuna awadye kamodzinso, ndipo sakufuna kusamuka katundu akunyowa panjira. Mangowo amapsa mu Disembala.

Tagwirizana motere. Mapepala a kukhoti achimwene ayamba kale kuwayendera. Mango akatha, mvula ili pakati, tidzauza anthu a kutchalitchi ndi a kumsika kuti nyumba ikuonedwa, ndipo aliyense wofuna abwere tsiku la mvula, alowe ndi nsapato zamatope, ayang'ane kudenga. Mtengo tidzakambirana zokolola zikayamba kugulidwa. Alendi awiri a kumbuyo tidzawauza miyezi itatu isanakwane, chifukwa mmodzi ali ndi mwana wa Giredi 12 ndipo amayi akana kuti asamutsidwe mayeso ali pafupi. Njerwa za kumudzi aziumba mu Juni.